Msyamboza, Mfumu ya ku Cibanzi

Abale a m'mapiri a Dowa ndi Nchisi, ndani wa inu sanamve dzina la Msyamboza? Iye anali Mcewa, mfumu ya mudzi wa Cibanzi kufupi ndi Kongwe. Pa unyamata wace anali mlenje wa njobvu, nacita malonda a minyanga. Koma ici sindico timkumbukira naco.

Timkumbukira ndi khasu. Masiku aja, monganso lero, anthu ambiri akatha kukolola amapacika makasu kudenga, nayesa cilimwe nyengo ya moa ndi ya kuceza pabwalo. Msyamboza sanatero ai. Anakumba michera, napatutsa madzi a mumtsinje kuti athirire minda yace pa nyengo ya dzuwa, nabzala tirigu, mbeu imene makolo athu sanaizolowere. Pamene minda ya anzace inali mapesi okha okha, kwace kunali kobiriwira.

M'mene Robert Blake anayamba Misyoni pa Kongwe m'caka ca 1894, Msyamboza anali munthu wamkuru ndithu; koma sanacite manyazi kumva Mau a Mulungu. Analandira sukulu m'mudzi mwace, natembenuka mtima, nabatizidwa. Ndipo ine ndiyesa kuti pakumva za nyerere ya m'buku la Miyambo, imene igwira nchito popanda woipirikitsa, iye sanazizwe konse, popeza anakhala cotero zaka zambiri asanaone buku.

Anamwalira m'caka ca 1926 ali nkhalamba. Samuel Ntara analemba mbiri yace, ndipo Cullen Young anaitembenuza m'Cingerezi, nisindikizidwa m'caka ca 1949.