A Roy Welensky: Wa pa Njanji Amene Anaiwala Kumene Anachokera

Abale ndi alongo, njanji yodutsa m'tauni yathu ya Kafue imatikumbutsa a Roy Welensky. Anabadwira ku Salisbury mu 1907 m'banja losauka la azungu, ndipo sukulu anaisiya ali ndi zaka 14. Pa njanji anayamba ndi kuthira malasha m'ng'anjo ya sitima, kenaka n'kukhala woyendetsa. Ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, anatsogolera bungwe la azungu a pa njanji, ndipo mu 1938 anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya Northern Rhodesia.

Umphawi anaulawa, komabe chipani chimene anayambitsa mu 1941 chinali chotchinga anthu akuda kuti asalowe ntchito za azungu. Mu 1956 anakhala nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Makolo athu anachikana, kuphatikizapo a Harry Nkumbula amene anaphunzira pa sukulu ya mishoni ya Methodist kuno ku Kafue. Chitaganyacho chinatha mu 1963, ndipo a Welensky anamwalira ku England mu 1991.

Deuteronomo 24 imauza Aisraeli kuti azikumbukira ukapolo wawo akamachita ndi mlendo ndi wamasiye. Ifenso Mulungu akatikweza, tisawatsekere khomo anzathu otsala m'mbuyo.