Bambo Orton Chirwa, Chitaganya, ndi Mphamvu za Nyumba ya Malamulo

Pakati pa amuna amene anatsogolera dziko lino potuluka m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Bambo Orton Edgar Ching'oli Chirwa ndiwo anali munthu wa malamulo. Ena anali ndi mphatso ya kuyankhula pa misonkhano, ena ya kusonkhanitsa anthu m'midzi. Koma iwo nchito yao inali pa mapepala, pa funso lakuti ndani anamanga Chitaganya, ndipo ndani anali ndi mphamvu ya kuchimasula. Aphunzitsi ndi a nchito za Boma amafunsidwa funso limeneli kawirikawiri ndi ana a sukulu, ndipo ambiri amayankha ndi maina a misonkhano ndi masiku okha. Tsono tiyeni tililondole m'moyo wa munthu mmodzi ameneyu, pakuti mphamvu imene inatitulutsa m'Chitaganya iwo anaiona mbali zache zonse ziwiri.

A Chirwa anabadwa pa 30 January 1919 m'boma la Nkhata Bay. Anaphunzira kufikira ku Fort Hare, ku South Africa, koleji imene inaphunzitsa atsogoleri ambiri a anthu akuda a maiko a kuno kumwera, ndipo atabwera kwao anagwira nchito ya uphunzitsi, nakhala wophunzitsa aphunzitsi ku Domasi. M'chaka cha 1951 anakwatira Mai Vera Chibambo. Chaka chomwecho nduna ziwiri za Boma la Britain, James Griffiths ndi Patrick Gordon Walker, zinabwera kudzamva maganizo a anthu pa za kuphatikiza maiko atatu, ndipo a Chirwa analemba kalata yaitali yokana.

Kukana kwao, ndi kwa Kongeresi, ndi kwa mafumu amene anapita ku London kukadandaula, sikunaletse kanthu. Ku Southern Rhodesia kunachitika voti mu April 1953, ya Azungu pafupifupi okhaokha. Kuno anthu sanafunsidwe ndi voti iai. Bwalo la Malamulo la ku Zomba, lodzaza ndi akuluakulu a Boma osankhidwa ndi Bwanamkubwa, linabvomera. Koma zimenezi sindizo zinabala Chitaganya. Chinabadwa ndi lamulo limene Nyumba ya Malamulo ya ku London inapanga mu July 1953, ndi chikalata chimene Mfumukazi inasaina pa 1 August potsata lamulolo. Owerenga asunge bwino mfundo imeneyi, pakuti nkhani yonse yagona pomwepa.

Kuti timvetse chimene anthu ankakana, tiyang'ane kumunsi kwenikweni kwa dziko, kwa Mfumu Ndamera m'boma la Port Herald, limene lero ndi Nsanje. Katundu wambiri wa dziko lino m'masiku amenewo ankabwera pa sitima ya pamtunda yochokera ku Beira, nawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, nalowa malire pa Marka. Chitaganya chitayamba, msonkho wa katundu ameneyu unaikidwa ndi Salisbury, nulowa m'thumba la Salisbury. Ndipo unaikidwa poteteza mafakitale a ku Southern Rhodesia. Positi, zipatala, asilikali, ndalama, maphunziro apamwamba ndi nkhani za maiko akunja zinapitanso komweko. Ku Zomba kunatsala apolisi, ulimi wa anthu akuda ndi sukulu zao. Panali chikonzero chachikulu cha mtsinje wa Shire, cha magetsi ndi cha kuthirira minda ya kuchigwa, chimene akatswiri anachilemba m'chaka cha 1954. Boma la Chitaganya linasankha kumanga Kariba, ndipo anthu a Chikwawa ndi Port Herald anapitiriza kulimbana ndi madzi osefukira ndi chilala monga kale. Tisabise kuti panabweranso ndalama: dziko lino linkalandira magawo 6 pa 100 alionse a msonkho wa malipiro wa Chitaganya, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatsegulidwa m'zaka zimenezo. Koma m'Nyumba ya Malamulo ya ku Salisbury munali aphungu 35, akuda 6 okha, ndipo a kuno anali awiri, a Clement Kumbikano ndi a Wellington Manoah Chirwa, amene tisawasokoneze ndi a Orton. Munthu wa kwa Ndamera ankalipira msonkho pa nsalu ndi pa khasu, wopanda njira ya kuchotsera amene anauika.

Mu August ndi September 1953 kunabuka zipolowe zoyambira ku Thyolo, zimene zinafika ndi kuchigwa komwe, zosanganikirana ndi mkwiyo wa thangata ndi wa malamulo a malimidwe, ndipo anthu 11 anafa. Pa nthawi imeneyo a Chirwa anayenda kanthawi ndi gulu la a Charles Matinga, limene linkati popeza Chitaganya chafika, anthu agwire nchito m'kati mwache. Ena amaiwala dala mbali imeneyi ya moyo wao. Ife tiganiza kuti ionetsa mtima wao: anali munthu wokhulupirira njira ya mabwalo ndi makalata koposa ya miyala. Pambuyo pache anapita ku London kukaphunzira malamulo pa Lincoln's Inn, ndipo m'chaka cha 1958 anakhala loya woyamba wakuda wa dziko lino, nakhala mlangizi wa Kongeresi pa za malamulo.

Chiphunzitso choyamba chimene wophunzira malamulo a Angerezi amakumana nacho ndi chakuti Nyumba ya Malamulo ya ku London ilibe wina pamwamba pache. Ikhoza kupanga lamulo lililonse ndi kufafaniza lililonse. Woweruza sangathe kunena kuti lamulo lache nlopanda mphamvu, ndipo aphungu a lero sangathe kumanga manja a aphungu a mawa. Poyamba mphamvu imeneyi inatipweteka. M'chaka cha 1957 Boma la Chitaganya linachulukitsa aphungu ache kufika 59 mwa njira yochepetsa mau a anthu akuda. Bungwe limene linaikidwa kuti liziteteza anthu akuda linakana, nkhani inapita ku London, ndipo aphungu a kumeneko anabvomereza kusinthako. Mu April chaka chomwecho Sir Roy Welensky, Nduna Yaikulu ya Chitaganya, anali atalandira pangano lakuti Britain sidzayamba yokha malamulo pa nkhani za Chitaganya popanda Salisbury kupempha. Iye anayesa kuti watseka chitseko. Koma pangano la nduna si lamulo, ndipo chimene London inamanga, London inatha kuchimasula. Chotsala chinali kuonetsa aphungu a ku Britain kuti dziko lino silingasungidwe m'Chitaganya popanda mfuti.

Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kongeresi inaletsedwa, Dr Banda anatengedwa kumka ku Gwelo, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa, osachepera 20 a iwo pa doko la Nkhata Bay, kwao kwa a Chirwa. Iwonso anatsekeredwa, natuluka mu August. Pa 30 September 1959, pamodzi ndi a Aleke Banda ndi ena, anayambitsa Malawi Congress Party, nakhala pulezidenti wache woyamba. Apa mpamene loya anapambana: chipani choletsedwa chinabadwanso ndi dzina lina mwa njira imene Boma silinathe kuitsutsa ndi lamulo. Angerezi akadakonda kukambirana ndi iwo, munthu wophunzira ndi wofatsa, m'malo mwa wandende wa ku Gwelo. Koma a Chirwa anauza nduna yatsopano ya maiko a atsamunda, Iain Macleod, kuti popanda Dr Banda sipadzakhala kukambirana. Dr Banda atamasulidwa pa 1 April 1960, iwo anawapatsa mpando.

Zotsatira zache zinayenda msanga. Msonkhano wa ku Lancaster House wa 1960 unapatsa anthu akuda mipando yambiri m'Bwalo la ku Zomba. Mu October bungwe la Lord Monckton linanena kuti funso la kutuluka m'Chitaganya liyenera kuloledwa, Welensky nakwiya kwambiri. Pa chisankho cha pa 15 August 1961 Malawi Congress Party inatenga mipando 22 mwa 28, ndipo a Chirwa analowa m'Boma ku unduna wa za chilungamo. Tsono kunalibenso wotha kunena kuti okana Chitaganya ndi anyamata ochepa osokoneza. Kukanako kunali kutakhala pansi m'Bwalo la Malamulo. Pa 19 December 1962 R. A. Butler anauza aphungu a ku London kuti Boma la Britain labvomera kuti Nyasaland ituluke.

Welensky anati ichi nchinyengo. Anatulutsa mau amene nduna za Britain zinanena pa msonkhano wa 1953, nati zinalonjeza kuti Chitaganya sichidzaphwasulidwa popanda maboma onse kulola. Boma la Britain linakana kuti mauwo anali lonjezo lotere, ndipo linaima pa chiphunzitso chija, kuti palibe mau a nduna amene angachotsere Nyumba ya Malamulo mphamvu yache. M'chaka cha 1963 Nyumbayo inapanga lamulo lothetsa Chitaganya, ndipo chinatha pa 31 December. Msonkho wa pa Marka unabwerera ku Zomba. Pa 6 July 1964, mwa lamulo linanso la ku London, dziko linalandira ufulu. Ophunzira mbiri adzaona kuti Angerezi eni ache anayenda njira yomweyo potuluka m'mgwirizano wa maiko a ku Ulaya: analowa ndi lamulo la 1972, bwalo lao lalikulu linagamula mu January 2017 kuti nduna sizingayambe kutuluka popanda aphungu kulola, ndipo anatuluka pa 31 January 2020 lamulo lija litafafanizidwa.

A Chirwa anakhala Nduna ya za Chilungamo. Pa nchito imeneyi anakonza mabwalo a milandu a m'midzi pansi pa lamulo la 1962, nachotsa kuweruza m'manja mwa mafumu amene atsamunda ankawagwiritsa nchito. Cholinga chinali chabwino, koma mabwalowo anatsamira kwambiri ku chipani. Ndipo Bwanamkubwa Sir Glyn Jones anadandaula kuti milandu ya kuopseza ndi kumenya anthu osatsata chipani siinkatsatidwa. Pamenepa loya anagonjera wandale, ndipo sitingawachotsere mlandu.

Patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna zinasemphana ndi Dr Banda. Zifukwa zina zinakhudza a nchito za Boma: malipiro a lipoti la Skinner, kuchedwa kwa kupatsa anthu akuda maudindo, tiki ya kuchipatala, ubwenzi ndi Apwitikizi, ndi ganizo la kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Pa 7 September 1964 a Chirwa anachotsedwa pamodzi ndi a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo. Pa 8 ndi 9 September Nyumba ya Malamulo inakhala ku Zomba, niima ndi Dr Banda. Chaka chisanathe a Chirwa anali ku Tanzania.

Nyumba imene iwo anathandiza kuidzaza inayamba tsono kuchita monga Nyumba ya ku London, koma popanda chipani chotsutsa, popanda nyuzipepala zaufulu, ndi popanda chisankho chimene chikanatha kuisintha. Dziko linali ndi malamulo aakulu olembedwa, inde, koma aphungu a chipani chimodzi ankawasintha monga afunira. Inaloleza kutsekera anthu popanda mlandu. M'chaka cha 1966 inakhazikitsa chipani chimodzi, nichotsa gawo la ufulu wachibadwidwe wa anthu. M'chaka cha 1969, itatha milandu ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, inapatsa mabwalo a miyambo mphamvu ya kuweruza milandu ya imfa, oweruza achingerezi a Bwalo Lalikulu natula pansi maudindo ao. M'chaka cha 1971 inaika Dr Banda kukhala Pulezidenti wa moyo wao wonse. Zonsezi zinadutsa m'Nyumba mwa dongosolo, ndipo kunalibe bwalo lotha kuzikana.

Ali kunja a Chirwa anayambitsa gulu la Malawi Freedom Movement. Pa 24 December 1981 anagwidwa pamodzi ndi Mai Vera ndi mwana wao kufupi ndi malire a Zambia. Iwo anati anabedwa ali m'dziko la Zambia, Boma linati analowa okha. Anazengedwa mlandu woukira Boma m'bwalo la miyambo la chigawo cha kumwera ku Soche, mtundu wa bwalo lochokera ku mabwalo aja anakonza iwo eni. Loya sankaloledwa kuimira munthu m'menemo, kotero maloya awiriwa, pakuti Mai Vera nawonso anali ataphunzira malamulo, anadziyankhira okha. Mu May 1983 anaweruzidwa kuti aphedwe. Maiko ndi mipingo zitadandaula, mu June 1984 chilango chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse.

Anasungidwa ku ndende ya Zomba, kutali pang'ono ndi Nyumba imene ankakhalamo ali nduna, osaonana ndi akazi ao kwa zaka 8 ngakhale anali mu mpanda umodzi. Anaonana mu September 1992 pamene maloya a ku Britain analoledwa kuwayendera. A Chirwa anali atafooka, maso ndi makutu zitayamba kufa. Pa 18 October Dr Banda analengeza kuti anthu adzafunsidwa ngati afuna zipani zambiri. Pa 20 October 1992 a Chirwa anamwalira m'ndendemo, ali ndi zaka 73.

Mai Vera anamasulidwa mu January 1993. Anthu anaponya voti pa 14 June, nasankha zipani zambiri, ndipo mabwalo akuluakulu a miyambo anaimitsidwa chaka chomwecho. Olemba malamulo aakulu a 1994 anaika m'gawo 5 kuti lamulo lililonse la Nyumba ya Malamulo, kapena chochita chilichonse cha Boma, chotsutsana ndi malamulo aakuluwo chilibe mphamvu, napatsa Bwalo Lalikulu udindo wa kugamula pamenepo.