Mayi Hélène Bertaux, Wosema Amene Analambulira Anzake Njira

Mumzinda wa Paris ku France muli sukulu yakale ya boma yophunzitsa kujambula ndi kusema, dzina lake École des Beaux-Arts. Kale maphunziro ake anali aulere, koma kufikira chaka cha 1897 mtsikana sankaloledwa kulembetsa. Wofuna lusoli ankapita kusukulu zolipira, ndipo pa ina yotchuka, Académie Julian, atsikana ankalipira pafupifupi kuwirikiza kawiri ndalama za anyamata. Choncho mwana wa mmphawi, ngakhale akhale waluso chotani, ankangotsala pakhomo.

Akuluakulu ankati chifukwa chake n'chakuti ophunzira amajambula thupi la munthu wosavala, zomwe sizoyenera mkazi. Ine ndikuona kuti mantha a mpikisano analiponso.

Amene analimbana ndi lamuloli ndi Mayi Hélène Bertaux. Iwo anabadwira ku Paris mu 1825, ndipo kuumba ndi kusema anaphunzira ali mwana m'nyumba yogwirira ntchito ya bambo awo owapeza, a Pierre Hébert. Banja lawo loyamba silinayende bwino ndipo anapatukana ndi amuna awo. Mu 1866 anakwatiwa ndi a Léon Bertaux, ndipo ntchito zawo ankazisayina ndi dzina la amuna awowa.

Kusema miyala ankati ndi ntchito ya amuna, yafumbi ndiponso yofuna mphamvu. Koma Mayi Bertaux anapatsidwa ntchito zikuluzikulu: ziboliboli za pachitsime chokongoletsa mzinda wa Amiens, ndi zina za pamatchalitchi a ku Paris. Pachionetsero chachikulu cha mayiko onse chimene chinachitika ku Paris mu 1889 analandira mendulo ya golide. Kunena zoona, iwo anali atapeza kale malo awo. Akanafuna, akanangokhala chete n'kumadyerera ulemuwo.

Sanatero ayi. Mu 1873 anayamba kuphunzitsa atsikana kuumba ndi kusema. Mu 1881 anakhazikitsa bungwe la amayi ojambula ndi osema, Union des femmes peintres et sculpteurs, ndipo chionetsero chake choyamba chinachitika mu 1882. Chimene chimandigwira mtima ndi kayendetsedwe ka zionetserozi. Panalibe oweruza osankha zoti zilowe ndi zoti zibwezedwe. Ntchito ya mtsikana wongoyamba kumene inkaikidwa m'chipinda chimodzi ndi ya mayi wodziwika, kuti amene abwera kudzaona wamkuluyo aonenso wamng'onoyo, mwina n'kumugula. Ena ankadandaula kuti zimenezi zikutsitsa ulemu wa chionetsero, koma iwo sanasinthe maganizo. Anatsogolera bungweli mpaka 1894, pamene anasiyira Mayi Virginie Demont-Breton.

Nkhani ya sukulu ija anaiyambitsa mwamphamvu mu 1889 pamsonkhano wa mabungwe a amayi ku Paris, pamene anapempha kuti atsikana aziphunzira pa École des Beaux-Arts ndi kupikisana nawo pa mphotho zake. Yankho linkachedwa chaka ndi chaka: mwina ndalama palibe, mwina zipinda n'zosakwanira. Iwo ankalembabe makalata ndi kuyendera akuluakulu a boma. Mu 1892 anadzipereka okha kuti asankhidwe kulowa mu Académie des Beaux-Arts, gulu la akatswiri limene munalibe mkazi ndi mmodzi yemwe. Sanasankhidwe.

Atsikana analoledwa kulowa sukuluyo mu 1897, Mayi Bertaux ali ndi zaka zoposa 70. Sizinayende mwamtendere, pakuti anyamata ena a pasukulupo anachita zionetsero zokana anzawowo. Ndipo chilolezocho chinali chapang'onopang'ono: chipinda chawo chophunziriramo ntchito yeniyeni anachipeza mu 1900, ndipo mu 1903 ndi pamene analoledwa kupikisana pa Prix de Rome, mphotho imene wopambana ankatumizidwa kukaphunzira ku Rome pa ndalama za boma.

Mayi Bertaux anamwalira mu 1909 kumudzi wa Saint-Michel-de-Chavaignes, kumene anakhala zaka zawo zomaliza. Patapita zaka ziwiri, mu 1911, Lucienne Heuvelmans anakhala mkazi woyamba kupambana mphotho yaikulu ya Prix de Rome. Nayenso anali wosema.