Focus Gwede: mkulu wa Special Branch yemwe anathera m'ndende

Dera la Dzaleka m'boma la Dowa limadziwika ndi msasa wa anthu othawa kwawo womwe unatsegulidwa mu 1994. Koma kale malowa anali ndende ya anthu oganiziridwa kuti akutsutsana ndi boma la Dr Hastings Kamuzu Banda. Mwa akuluakulu a chitetezo a nthawi imeneyo, palibe yemwe ankaopedwa kuposa malemu Focus Martin Gwede.

A Gwede, omwe kwawo kunali ku Ntcheu, anakwera maudindo m'polisi mpaka kukhala mkulu wa Special Branch, nthambi yofufuza mwachinsinsi nkhani zokhudza chitetezo cha dziko. Mphamvu za nthambiyi zinakula nduna zina zitasemphana ndi Dr Banda mu 1964 komanso a Henry Chipembere atalephera kulanda boma mu 1965. Malamulo a nthawiyo ankalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, ndipo ambiri anatumizidwa ku Dzaleka.

A Gwede ankayendera limodzi ndi a Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress (MCP), omwenso anali a ku Ntcheu. M'zaka za m'ma 1970 awiriwa ali pampando, atolankhani, aphunzitsi a pa yunivesite ndi ogwira ntchito m'boma, makamaka ochokera m'chigawo cha kumpoto, anamangidwa osauzidwa mlandu wawo. A Mboni za Yehova, omwe chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anatsekeredwa mwaunyinji ku Dzaleka chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Mmodzi mwa omwe anafunsidwa mafunso ndi a Gwede anali a Sam Mpasu, omwe anamangidwa mu 1975 nkutumizidwa ku ndende ya Mikuyu ku Zomba.

Zinthu zinatembenuka mu 1976 pomwe a Gwede ndi a Muwalo anamangidwa powaganizira kuti amakonza chiwembu cholanda boma. Mlandu wawo unazengedwa mu 1977 kubwalo la mafumu, komwe woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe. A Muwalo ananyongedwa ku Zomba chaka chomwecho, pomwe chilango cha a Gwede chinasinthidwa kukhala cha moyo wonse m'ndende. Iwo anakalowa ku Mikuyu, komwe kale ankatumizako anzawo.

Awiriwa atagwa, boma linamasula andende a ndale ochuluka ndipo zolakwa zambiri zinakankhidwira pa iwo. Komabe kutsekera anthu popanda mlandu sikunathe, zomwe zinaonetsa kuti gwero la nkhanza silinali anthu awiri okha koma malamulo ndi ulamuliro womwe ankautumikira.

A Gwede anatulutsidwa mu 1993, chaka chomwe Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri pa riferendamu. Anamwalira mu 2011. Malamulo oyendetsera dziko lino tsopano amati womangidwa aliyense akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, ufulu womwe andende a ku Dzaleka sanauone.