GEORGE MÜLLER, TATE WA ANA AMASIYE

George Müller anabadwa m'dziko la Prussia m'caka ca 1805. Pa unyamata wace anali wakuba ndi wabodza, kotero kuti anaponyedwa m'ndende ali ndi zaka 16. Koma m'caka ca 1825 analowa m'kamsonkhano ka mapemphero m'mzinda wa Halle, naona munthu alikupemphera cogwada. Ndipo kuyambira pomwepo mtima wace unatembenuka.

M'caka ca 1836 anatsegula nyumba ya ana amasiye ku Bristol, m'dziko la England. Anatsimikiza mtima kusapempha ndalama kwa munthu ali yense, kapena kutenga ngongole, koma kuuza Mulungu yekha zosowa zace. Masiku ena thumba linali gwa, lopanda ndi khobiri lomwe. Koma anawo sanagona ndi njala. Pambuyo pace anamanga nyumba zazikuru zisanu, ndipo ana onse amene anawalera anaposa 10,000.

Nanga katundu wotere anamsenza bwanji wosasweka mtima? M'mawa muli monse, asanagwire nchito, anayamba wawerenga Mau a Mulungu, nawasinkhasinkha kufikira moyo wace wakondwera mwa Ambuye. Pofuna kudziwa cifuniro ca Mulungu, anayamba wataya cifuniro ca iye mwini. Atatero anafunsa Malembo, napemphera, nalindira wosafulumira.

Anamwalira pa 10 March 1898 ali ndi zaka 92, wosasiya cuma cambiri. Ifenso, tisanatole khasu m'mawa, tiyambe tadyetsa mtima, kuti nkhawa za tsikulo zitipeze okhuta.