Dražen Petrović, mnyamata amene anasautsa Real Madrid mu 1985

Anzanga a m'kalabu, mwezi uno tikukamba za munthu amene anamwalira tonsefe tisanabadwe. Dzina lake ndi lovuta kutchula, koma okonda basketball ku Ulaya amalitchulabe mpaka lero.

Dražen Petrović anabadwa pa 22 Okutobala 1964 ku Šibenik, tauni ya m'mbali mwa nyanja m'dziko limene pano ndi Croatia. Nthawi imeneyo dzikoli linali mbali ya Yugoslavia. Bambo ake anali wapolisi, mayi ake ankagwira ntchito ku laibulale. Masewerawa anaonera kwa mkulu wake, Aleksandar. Chimene amamukumbukira nacho kwawoko ndi kulawira. Anzake ali mtulo, iye amakhala ali kale m'bwalo kuponya mpira m'dengu kambirimbiri, kenako n'kumapita kusukulu. Ali ndi zaka 15 anali atalowa kale mu timu yaikulu ya m'tauniyo, Šibenka.

Musaganize kuti zinkangomuyendera. Šibenka inafika mu fainolo ya chikho cha Korać mu 1982, n'kugonja kwa Limoges ya ku France. Mu 1983 anafikanso, n'kugonjanso kwa timu yomweyo. Kawiri konse, eti! Atatero anakatha chaka ku usilikali monga lamulo la dzikolo linkanenera, ndipo mu 1984 anapita ku Cibona ya mumzinda wa Zagreb, komwe kunali mkulu wake uja.

Apa m'pamene pali nkhani. Ku Ulaya kunali chikho cha matimu amene apambana ligi m'maiko awo, chimene lero chimatchedwa EuroLeague. Kuno kwathu chofanana nacho ndi Basketball Africa League, imene inayamba mu 2021 ku Kigali. M'chaka cha 1984/85 matimu 6 otsiriza ankasewera okhaokha, kwawo ndi koyenda, ndipo awiri apamwamba ndiwo ankakumana mu fainolo. Anatsala Cibona ndi Real Madrid, timu ya ku Spain imene inali itatenga kale chikhochi maulendo 7. Pa 3 Epulo 1985 anakumana ku Greece. Cibona inapambana 87 kwa 78, ndipo mapointi 36 anali a Dražen yekha. Anali ndi zaka 20 basi, msinkhu wa ambiri a ife.

Chaka chotsatira anabwerezanso. Ku Budapest, Cibona inagonjetsa Žalgiris ya chimphona Arvydas Sabonis, 94 kwa 82. A Real Madrid ataona kuti mwanayu sakugwirika, anangomugula mu 1988. Ali kumeneko, mu fainolo ya chikho china cha ku Ulaya mu 1989, anagoletsa mapointi 62 pamasewero amodzi polimbana ndi Caserta ya ku Italy.

Kenako kunabwera zowawa. Mu 1989 anapita ku America kukasewera mu NBA, ku Portland Trail Blazers. Masiku amenewo makochi ambiri kumeneko sankakhulupirira osewera ochokera ku Ulaya, komanso pamalo ake panali kale akatswiri ngati Clyde Drexler ndi Terry Porter. Munthu amene Ulaya yense ankamuopa anayamba kukhala pa benchi, kulowa mphindi ngati 12 zokha pamasewero. Ndalama ankalandira ndithu, koma iye ankafuna kusewera. Sanasiye kukonzekera, ndipo anapempha kuti amutumize kwina.

Mu Januwale 1991 anamutumiza ku New Jersey Nets. Analimbitsa thupi, n'kuphunzira kutchinga monga amafunira kumeneko. Pofika chaka cha 1992/93 ankagoletsa mapointi oposa 22 pamasewero tikawerengera chaka chonse, ndipo anasankhidwa m'gulu lachitatu la osewera abwino kwambiri mu NBA yonse. Pa Olympics ya ku Barcelona mu 1992 anatsogolera Croatia, dziko limene linali litangoima palokha nkhondo ili mkati, mpaka mu fainolo. Anagonja kwa America ya Michael Jordan, koma iye anagoletsa 24.

Pa 7 Juni 1993 ankachokera ku Poland kumene anasewerera dziko lake. Anzake anapitiriza ulendo pa ndege, iye anakwera galimoto. Kunkagwa mvula. Pamsewu waukulu pafupi ndi Ingolstadt ku Germany, galimotoyo inawombana ndi lole imene inatseka msewu. Dražen, amene anakhala kutsogolo ali mtulo, anafera pomwepo ali ndi zaka 28. Anamuika ku manda a Mirogoj ku Zagreb. Ku Nets palibenso amene amavala nambala 3 yake, ndipo mu 2002 dzina lake linalowa mu Basketball Hall of Fame.

Tsono tikambirane za kuno. Tikudziwa kuti ku Chamama m'mawa ndi wa kumunda, ndipo fodya akafika pothyola ndi kusoka, ambiri timaweruka kuchigafa manja ali nomi. Zimenezo n'zomveka. Zodandaulitsa ndi za amene amasiya kubwera ku masewero chifukwa kochi wawaika pa benchi kawiri katatu. Dražen anakhalapo chaka ndi theka, ali ndi zikho ziwiri za Ulaya kunyumba. Amene mwasowa masabata apitawa, malo anu alipobe, tionane kubwalo.