PHILIP ASHTON, MSODZI WOKANA ACIFWAMBA

Philip Ashton anabadwa m'caka ca 1702 ku Marblehead, mudzi wa asodzi m'dziko la Massachusetts ku Amereka. Masiku amenewo pa nyanja yaikuru panali acifwamba olanda zombo za malonda. Akagwira combo, ankakakamiza amalinyero kulemba maina ao m'buku la pangano lao. Ndipo wolemba dzina anasanduka mmodzi wa iwo, woyenera imfa pamaso pa oweruza. Ambiri anabvomera, ena cifukwa ca mantha, ena pokhumba cuma.

M'mwezi wa June 1722, pamene Ashton ndi anzace analinkupha nsomba kufupi ndi Nova Scotia, anagwidwa ndi Edward Low, mkuru wa acifwamba wochuka ndi nkhanza. Low sanakonde kutenga amuna okwatira, koma Ashton anali mbeta wa zaka 19. Anayamba kumnyengerera ndi mowa ndi malonjezo a cuma. Pamene izi zinalephera, anamloza ndi mfuti, namkwapula. Koma mnyamatayo anakana ndithu kulemba dzina lace, nakhala wandende m'combomo miyezi isanu ndi inai.

M'mwezi wa March 1723 acifwamba anakoceza pa cisumbu ca Roatan, kufupi ndi Honduras, kukatunga madzi. Ashton anapempha kutsagana ndi otungawo. Atafika pamtunda anathawira m'nkhalango, nabisala kufikira combo cinacoka. Analibe mpeni, kapena nsapato, kapena moto. Anadya zipatso za m'thengo ndi mazira a akamba a m'nyanja, ndipo mapazi ace anadzala zilonda. Patapita miyezi, munthu wina wokalamba anafika m'bwato, namsiyira mpeni ndi mwala woyatsira moto. Koma atapita kukasaka nyama sanabwerenso. Atatha miyezi 16 pa cisumbupo, anthu ena oyenda m'mabwato anampeza, namsunga. Combo cochedwa Diamond, ca ku Salem, cinambwezera kwao m'caka ca 1725, abale ace atamuyesa wakufa.

Mnzace Joseph Libbey, amene anagwidwa naye pamodzi, anatsala pakati pa acifwamba. M'mwezi wa July 1723 anapacikidwa pa cingwe ku Newport, mmodzi wa anthu 26 amene anapacikidwa pamodzi. Pa nthawi yomweyo Ashton anali yekha pa cisumbu, wanjala ndi wodwala, koma wopanda mlandu.

Mbusa wa ku Marblehead, John Barnard, analemba mbiri yace naisindikiza m'caka comweco ca 1725, kuti anthu aone cisamaliro ca Mulungu. Inu anyamata opita ku migodi ndi ku mizinda, mudzapeza magulu ofuna maina anu, ena mokoma, ena moopseza. Kumbukani msodzi uyu: kukana kwace kunamdyetsa zowawa zaka zitatu, koma anabwerera kwa atate ndi amai ace ndi dzina loyera.